Munthu wokodwa m'chingwe cha mbedza

Achemwali anga ndi telala, ndipo pakamwa pawo salumapo mawu. Akaweruka madzulo amadutsa m'paki kupita kunyumba, m'mbali mwa dziwe lomwe anthu amawedzamo nsomba. Awedzi onse ankawadziwa. Munthu akangotaya chingwe cha mbedza pa udzu, ankamuimirira pamutu.

"Bini ili apoyo mwaiona ngati maluwa? Abakha aduka miyendo chifukwa cha inu!"

Tsiku lina anachedwa ndi madiresi a ukwati. Analowa m'paki mdima utayamba kugwira, awedzi atapita. Ali pafupi ndi bango anamva phuphuphu! Mapiko akumenya madzi.

Mlonda wa pakiyo anawakuwira ali pageti. "Mayi, tiyeni nditseke! Kubangoko sitipitako nthawi ino."

"Tsekani, ndidumpha mpanda," anayankha motero, akuvula nsapato.

Anapeza kakowa. Chingwe chinali chitazinga phiko ndi khosi, mwendo ukutuluka magazi. Anatulutsa sizasi m'chikwama n'kudula pang'onopang'ono. Mbalameyo inadzandira, kenako inauluka.

Achule onse anangoti zii.

"Nanga ine, mayi?"

Mawuwo anachokera m'madzi. Achemwali anayatsa tochi ya foni. Pakati pa bango panakhala bambo, madzi akumulekeza m'chifuwa, atawafulatira. Chipewa chake chinali ndi ndere. Chingwe chinamuzinga m'khosi, m'mapewa, m'mikono, ndipo mbedza zadzimbiri zinali lende lende pamalaya. Madzi omuzungulira sankagwedezeka. Munthuyo sankapuma.

"Ndimasuleni. Ndakhalitsa muno."

 Koma achemwali pakamwa sipanafe.

"Bambo, chingwe chonsechi anataya ndani?"



"Ndine."

"Ndiye tolani."

Pomwepo anamva kanthu kozizira kakuyenda pakakolo. Kanazungulira, n'kumanga. Kanayamba kukoka. Phazi lawo linatsetsereka m'matope, madzi anafika m'mawondo. Bamboyo anayamba kutembenuza mutu pang'onopang'ono.

Achemwali sanadikire kuona nkhope. Anawerama, anafufuza m'madzi, anadula chingwecho, khapu! Anabwerera kumtunda, koma sanathawe.

"Mukuona ngati mundiopseza? Mbalame ija ndaimasula chifukwa siwedza. Inu manja muli nawo. Mukachotsa nyansi zanu zonse m'dziwe muno, mudzandiitane. Sizasi sindiisiya kunyumba."

Anatola zidutswa zomwe anadula, anakaponya m'bini, n'kunyamula nsapato. Mlonda anali atathawa kale, geti lili pululu.

Anafika kunyumba siketi ili yonyowa. Pakakolo panali mzere wofiira ngati wocheka ndi lezala. Ndinawatsuka ndine.

M'mawa mwake mlonda anapeza bini ya kudziwe itadzaza. Munali zingwe zakalekale, zonyowa, zobiriwira ndi ndere, zokulungidwa bwinobwino. Mapazi amatope anachoka m'madzi kufika pabiniyo, n'kubwereranso m'madzi. Mawa lake chimodzimodzi. Mpaka pano.

Anthu amanong'onezana kuti kale kunali mwedzi wina yemwe ankati chingwe chikakodwa amangodula n'kuchisiya m'madzi. Akuti tsiku lina analowa m'bango kukawonjola mbedza yake, ndipo anthu anangopezapo ndowa ndi nsapato. Awedzi a masiku ano nkhaniyi amaikana, koma pochoka aliyense amayang'ana pansi kawiri, ngakhale kachingwe kotalika ngati chala amakatola.

Alamu anga anawachonderera kuti azidzera njira ya kumsewu. Achemwali anakana.

Sabata yatha ndinawaperekeza. Titafika pabango anaima, manja m'chiuno.

"Bambo, mwamaliza?"

Ndinamva ndi makutu angawa, mawu onyowa, otopa.

"Ayi, mayi."

"Ndiye pitirizani," anatero achemwali, n'kundikoka dzanja. "Tiye, ana akudikira."