Melvin Anafufuta Mawu a Ababa

Melvin anafufuta mawu a malemu amuna anga. Melvin yemweyu, mwana wa achimwene anga. Ndamutchula dzina. Sindibisa.

Mwana wanga ndi Tinenenji. Ali Sitandade 2. Bambo ake anamwalira chaka chatha. Koma mawu awo anatsala m'foni mwanga. Anawatumiza ali pa ganyu ku Tete.

"Tine, mwana wanga, wasamba? Usambe ndi kuseri kwa makutu komwe. Ndikubwera."

Tinenenji ankamvera mawuwo m'mawa. Ankamveranso akaweruka kusukulu. Ankayankha, "Ndasamba, ababa!"

Tsiku lina Melvin anabwera.

"Azakhali, ndibwerekeniko foni."

Ndinamubwereka. Iye ankafuna gemu ya magalimoto. Koma foni inali yodzaza. Melvin sanafunse. Anafufuta. Anafufutanso. Gemu inalowa. Ababa anatuluka.

Tinenenji anabwera kuchokera kusukulu. Anatenga foni. Anasaka, anasaka.

"Amayi, ababa ali kuti?"

Ndinasaka nanenso. Munalibe.

"Melvin! Watani iwe?"

"Zinali zakale, azakhali. Foni inadzaza."

"Nanga pakamwa pakopo panadzazanso? Kufunsa kunakukanika?"

Melvin anangoti zyoli.

Ine ndi Tine tinapita ku Boma wapansi. Kuchokera kwathu kwa Kanduku ndi mtunda. Wokonza mafoni anadina apa. Anadina apo. Anapukusa mutu.

"Pepani mayi. Zapita."

Tinabwerera. Kunyumba Tinenenji sanadye. Anzake anamuitana kukasewera fulaye. Sanapite.

M'mawa anandikoka nsalu.

"Amayi, ababa ankatumizira inu nokha mawu?"

"Kaya, mwanawe."

Tinenenji anavala patapata. Anayamba kuyenda khomo ndi khomo.

"Odi! Muli ndi mawu a ababa anga?"

"Ayi, Tine."

"Odi! Muli ndi mawu a ababa anga?"

"Ayi, Tine. Foni ija tinagulitsa."

Panatsala nyumba ya a Yakobe. A Yakobe ndi bambo a Tine ankakangana kawirikawiri. Tinenenji anaima. Anachita mantha. Koma anapita.

"Odi! Muli ndi mawu a ababa anga?"

A Yakobe anakanda mutu.

"Ndili nawo. Koma si okoma, mwana iwe."

"Ndimve."

A Yakobe anadina. Mawu anatuluka, aukali.

"A Yakobe! Mbuzi yanu yadyanso mtedza wanga! Ikabweranso ndiimangirira pa mtengo wa nachesi! Mudzaiwombola ndi nkhuku!"

Tinenenji anaseka. Anaseka mpaka anakhala pansi. Kenako analira.

"Ndi ababa! Koma sakunditchula dzina."

A Yakobe anapukuta m'maso. Anatumiza mawuwo ku foni yanga.

Tsopano timakhala pakhonde, ine ndi Tine. Timamvera ababa akukalipira mbuzi. Tine amatsamira pamwendo panga. Wayambanso kudya. Koma mawu omutchula dzina aja anapita. Sadzabweranso.

Melvin amadutsa pamsewu. Gemu ija anatopa nayo kale.

Iwe amene ukuwerenga, nawenso umabwereka foni. Ya amayi ako. Ya azakhali ako. M'menemo muli zinthu za eni ake. Tsiku lina foni idzadzaza ili m'manja mwako. Udzatani? Udzafunsa, kapena udzangofufuta?

Usangondiyang'ana. Ndiyankhe.