Chipewa cha Dazi la Ababa

Kunyumba onse ankamutcha Gulugufe. Mwanayu ankakonda zinthu zowala, zamitundumitundu.

Bambo ake a Gulugufe anali ndi dazi. Dazi lalikulu, losalala ngati dzira. M'mawa ankapalasa njinga kupita kuntchito. Mphepo inkawaomba padazipo.

Gulugufe anawamvera chisoni.

"Azakhali, ndiphunzitseni kuluka," anatero. "Ndikufuna kuwalukira Ababa chipewa."

Azakhali anamuphunzitsa. Kenako anapita naye kusitolo ya ulusi.

Ulusi unali mbwee! Wofiira, wachikasu, wobiriwira. Gulugufe anathamangira wofiira.

"Uwu! Ndikufuna uwu!"

Mayi ogulitsa anamwetulira. "Chipewacho ndi cha ndani, mwanangu?"

"Ndi cha Ababa. Ali ndi dazi."

"Dazi limamva chilichonse," anatero mayiwo. "Tseka maso. Tisankhe ndi khosi."

Gulugufe anatseka maso. Mayiwo anamukhudzitsa ulusi wofiira pakhosi.

"Mayo! Ukukanda!"

"Umenewu ndi ubweya wa nkhosa, koma wokhakhala. Ndi wabwino kulukira chikwama."

Anamukhudzitsa ulusi wina.

"Uwu sukukanda," anatero Gulugufe. "Koma ukuzizira."

"Limenelo ndi thonje. Thonje ndi la nthawi yotentha."

Anamukhudzitsanso wina.

"Uwu ndi wofewa," ananong'ona Gulugufe. "Ukufunda ngati kamwana ka mphaka."

"Taukoka," anatero mayiwo.

Gulugufe anaukoka. Ulusi unatambasuka, n'kubwerera.

"Umenewu ndi ubweya wa mwana wa nkhosa," anatero mayiwo. "Umagwira mutu bwino."

Gulugufe anatsegula maso. Ulusiwo unali wotuwa ngati phulusa. Nkhope yake inagwa.

"Koma si wokongola."

Azakhali anaseka. "Kodi chipewachi adzavale ndani? Maso ako, kapena dazi la bambo ako?"

Gulugufe anaganiza. Anayang'ana wofiira. Anayang'ana wotuwa. Kenako anakumbatira wotuwa.

"Chipewacho muzichichapa ndi madzi ozizira," anatero mayi ogulitsa. "Madzi otentha adzachichepetsa. Chidzakwana chidole!"

"Zikomo kwambiri, amayi," anatero Gulugufe.

Kunyumba, Gulugufe analuka. Analuka, analakwitsa. Anamasula, analukanso. Zala zinatopa, koma sanasiye.

Tsiku lina chipewa chinatha. Chinali chopendekeka pang'ono. Gulugufe anachipereka ndi manja awiri.

Bambo anachivala. Anatseka maso.

Gulugufe anawayandikira. "Ababa, chikukanda?"

"Ayi, mwana wanga. Dazi langa likuti zikomo. Inenso ndikuti zikomo."

Anamunyamula m'mwamba. Gulugufe anaseka mpaka misozi.

"Muwathokozenso Azakhali," anatero. "Andiphunzitsa ndi iwo."

"Zikomo, mlongo wanga," anatero Bambo.

Amayi ake a Gulugufe anabweretsa chakudya. Onse anakhala pansi.

"Achimwene," anatero Azakhali, "pakudya timavula chipewa."

Bambo anachigwira ndi manja onse awiri.

"Zipewa zina, inde," anatero. "Koma ichi, ayi!"