Phada wa Rahma

Rahma anachokera ku Malawi. Tsopano amakhala ku Cuamba, ku Mozambique. Amakhala ndi bambo ake, awiriwiri. Bambo amakonza njinga.

M'mawa uliwonse bambo ankamupatsa ndalama imodzi yachitsulo.

"Ukagule kanthu kusukulu," ankatero.

Rahma ankaiyang'ana. Inalembedwa 10. Anali mametikali, ndalama za ku Mozambique. Kwawo ku Malawi, ndalama yachitsulo sigula ngakhale switi.

Rahma ankaopa kusekedwa. Sankagula kanthu. Ndalamazo ankasewerera phada, ngati timiyala.

Koma Rahma anali ndi chuma chake. Anali ndi 500 kwacha yapepala. Ankaisunga m'kampango.

Tsiku lina bambo anadwala malungo. Sanapite kuntchito. M'nyumba munali tiyi yekha.

"Bambo, mudye chiyani?"

"Tiyi akwana, mwanangu."

Rahma anafuna kuti bambo adye. Anatenga kampango kake. Anathamangira kwa Mayi Sharifa. Mayi Sharifa amagulitsa pau, buledi wa ku Mozambique.

"Ndikufuna pau, mayi," anatero Rahma.

Anatambasula pepala lake. Mayi Sharifa analitembenuza. Analitembenuzanso.

"Pepala lokongola, mwanangu. Koma kuno siligula."

Rahma anawerama. Misozi inalengeza. Anabweza pepala m'kampango. Anakaika m'thumba.

Ngwee! Ngwee! M'thumba munalira.

"Nanga zikulirazo n'chiyani?"

"Ndi za phada, mayi."

"Tandionetsa phada wakoyo."

Rahma anatulutsa. Imodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Zisanu.

Mayi Sharifa anagwira pakamwa.

"Mwana iwe, umasewera phada ndi mametikali? Ndiwe bwana ndithu."

Anatenga ndalama imodzi. Anamupatsa pau mmodzi.

Rahma anadabwa.

"Kachitsulo kamodzi basi?"

"Kamodzi basi."

Rahma anapereka ina. Analandira pau wina. Anapereka inanso. Analandira winanso. Pau anali wotentha. Ziwiri zotsala anazimanga m'kampango, pamodzi ndi pepala lija.

Kunyumba bambo anadzuka pamphasa. Anayang'ana pau. Anayang'ana Rahma.

"Wagula ndi chiyani?"

"Ndi phada wanga, bambo."

Bambo anaseka pang'ono. Ananyema pau. Anaviika mu tiyi. Anadya mmodzi. Anadyanso wina.

Rahma anadya wachitatu.

Madzulo Rahma anatuluka panja. Anatola timiyala tisanu.

"Timeneto n'tachiyani?" anafunsa bambo.

"Ta phada," anatero Rahma. "Iti sitigula pau."