Magazi pakhomo pa Symon

Lolemba m'mawa Symon anapeza madontho a magazi pa simenti ya pakhomo pawo, ouma kale, atandandalika kuchokera pachitseko kulowera kumpanda. Nkhuku analibe, mphaka analibe. Nanga magazi a chiyani? Anawafafaniza ndi nsapato, n'kupita kukatchetcha kapinga wa abwana.

Symon ankagwira ntchito ya m'dimba pa puloti ina kunja kwa Benoni, uko phula amathera, kumene agalu opanda mwini amangoyenda m'magulu. Iye ndi mkazi wake Grace ankagona m'kachipinda ka malata kuseri kwa khola lakale la akavalo. Grace anali atangotha miyezi isanu ku Joni. Tsiku lonyamuka ku Ntcheu, apongozi anagwira Symon padzanja nati, "Mwana wangayu akukwera basi ndi miyendo yake. Adzatsikenso ndi miyendo yake, osati m'bokosi."

Lachiwiri magazi aja analiponso, ndipo madzulo ake Grace anagona osadya. Thupi linali moto, mutu ukuwawa moti ngakhale kuwala kwa foni sankakufuna. Symon anachita zomwe Mmalawi aliyense akanachita: anati ndi malungo, n'kutulutsa LA amene anabwera naye m'sutikesi. Za kukiliniki sanafune n'kuziganizira komwe, poti masiku a m'pasipoti ya Grace anali atatha.

Usiku umenewo magetsi anazima. Kumapuloti mdima sumachita masewera. Ukatambasula dzanja suliona. Symon ali chigonere, anamva chinthu chikukhula malata chapansi, pang'onopang'ono, kuchokera pakona mpaka pachitseko. Chinaima. Kenaka kunayamba kupuma, kupuma konyowa, kokoka, ngati munthu akuyamwa madzi otsalira m'paipi. Fwoo... khoo... fwoo. Tsitsi linamuima. Anafuna kukuwa kuti "Ndani?" koma anangofunda bulangeti mpaka kumutu.

Kutacha, magazi anali ambiri kuposa dzulo.

Lachinayi kunabwera mai Tabitha, amene ankagwira ntchito ya m'nyumba pa puloti yoyandikana nayo. Pomusintha Grace zovala anapeza kachilonda kuseri kwa bondo, kakuda bii pakati, kofiira m'mbali, ndi mwanabere m'mphechepeche. Anamukokera Symon panja.

"Achimwene, mankhwala a malungo akanawa si nkhani yabwino," ananong'ona. "Kachilondako mwakaona? Pamenepo m'polowetsera paipi. Za anamapopa zija simunamve kumudzi? Magazi mukukolopawa ndi a mlamu."

"Iiii, mai Tabitha, mpaka ku Joni kuno?"

"Nanga iwowo basi sakwera?"

Pofika madzulo nkhani inali itazungulira mapuloti onse. Ena ankati ndi mzimu wa wantchito amene anafera m'khola lija, ena ankati pali mkazi wina ku lokeshoni ya Thokoza amene Symon anamukhumudwitsa. Limeneli linali bodza la mkunkhuniza, koma pakamwa pa anthu ungapatseke? Grace naye anayamba kubwebweta, kuitana mayi ake, ndi dzina lina lomwe Symon sanalimvepo. "Alibekwawo wadya?" ankatero. Symon analira, osabisa ayi. Mawu a apongozi aja ankangomubwerera.

Usiku wa Lachinayiwo anati chofa chife. Anakhala pa ndowa kuseri kwa chitseko, chikwanje kumanja, tochi kumanzere. Ndege za pabwalo la ku Kempton Park zinadutsa mpaka zinaleka. Achule analira, nawonso n'kukhala chete. Ndiye kunamveka kukhula kuja, kukwawa m'mbali mwa malata, kufika pachitseko, kuima. Fwoo... khoo. Chinthucho chinatsamira chitseko, mpaka thabwa linamugunda Symon pabondo.

Anatsegula mwamphamvu, chikwanje m'mwamba.

Galu! Galu wachabechabe, wofiirira, nthiti zili mbee, miyendo ikunjenjemera. Sanathawe n'komwe. Anayetsemula, magazi n'kuwazika pa simenti kuchokera m'mphuno. Symon anatsitsa tochi. Makutu a galuyo anali odzaza nkhupakupa, zina zotupa ngati nandolo, ndipo zina zing'onozing'ono zinkayenda pa thumba lakale la ufa lomwe linali pakhomopo, pomwe Grace ankakonda kukhala akamasankha masamba.

"Musamumenye," anatero mawu ofooka m'nyumba. Grace anali atadzutsa mutu. "Ndi Alibekwawo. Ndimamupatsa makoko a nsima inu mukapita. Ndimakhala ndekha tsiku lonse, a Symon. Ndinkaopa kuti mundikalipira."

Chikwanje chinagwa pansi. Symon anayang'ana nkhupakupa zija, n'kukumbukira kachilonda kakuda kaja. Masiku a m'pasipoti anawaiwaliratu. Kusanache anali atamubereka Grace mpaka pamsewu wa matakisi.

Nesi wa kukiliniki anangoyang'ana kuseri kwa bondo kamodzi. "Ninayo inja ekhaya?" anafunsa m'Chizulu, kuti ngati ali ndi galu kunyumba. Symon anavomera. Nesiyo anati nkhupakupa ya galu inamuluma Grace n'kumusiyira tizilombo m'magazi, ndipo matendawa amawaona kawirikawiri nyengo ya mvula. Ataona paketi ya LA anapukusa mutu. "Kuno si kwa malungo, achimwene. Mukanachedwanso mukanamuvulaza munthu." Anawapatsa makapisozi a sabata imodzi.

Loweruka abwana ataimva nkhaniyo anaitana a bungwe losamalira ziweto. Iwo anati kamfuno wa galuyo ndi wa matenda ena, ochokeranso kwa nkhupakupa zomwezo. Galuyo anamusambitsa mankhwala, anasiya mapilisi, ndipo thumba lija Symon analitentha. Mai Tabitha anaonerera zonsezi manja ali m'chiuno.

"Komabe ine sindinaname," anatero. "Magazi ankapopedwa ndithu."

Symon anaseka mpaka misozi, koyamba sabata yonseyo.

Lamulungu usiku magetsi anazimanso. Kunja kunamveka kukhula malata, kenaka chinthu chinatsamira chitseko, n'kupuma. Symon anangotembenuka, n'kuika dzanja pachipumi pa mkazi wake. Chinali chozizira, chonyowa ndi thukuta.

"Njala," anatero Grace. "Kulibe kaphala?"

Symon anadzuka mumdima momwemo, n'kuyatsa pulayimasi. Phala likubwadamuka, foni inalira. Anali apongozi ku Ntcheu, amene sanagone chimvereni kuti mwana wawo akudwala. Symon anafuna kukapereka foni pabedi, koma Grace anamuletsa ndi dzanja. Anatsitsa miyendo pansi, anagwira khoma, n'kuyenda yekha kudzailandira.