Kamita ka Ilarie ndi Manda a Toader

Ilarie Dobrin ankatuta nkhuni za mbaula dzuwa litapendeka pamene anamva zotsekera mawindo za mnansi wake Anghel zikutsika zokha, gwede gwede. Anghel mwiniwake anali panja, ndowa m'manja, kukamwa yasa.

"Mwaona, a injiniya?"

"Ndi kuzizira kumeneko," anatero Ilarie, nalowa ndi nkhuni zake.

M'mudzi wa Corbeasa mudatsala nkhalamba zokhazokha. Ana, onse ali pa ntchito ku Italy, adaikira makolo awo tizipangizo tolamula nyale, mawindo ndi zotenthetsera kudzera m'mawaya amagetsi a m'nyumba momwemo. Adagula kwa wogulitsa mmodzi, ndipo panalibe amene adavutika kusintha nambala imene tizipangizoto tidabwera nayo. Nyumba khumi za mumsewu umenewo zinkadya magetsi a thiransifoma imodzi.

Ilarie adakalamba akukonza magetsi a sitima, ndipo chinthu chilichonse sankakhutira nacho asanachione m'mimba. Kamita kake koonetsa magetsi amene nyumba ikudya kankatumiza mawerengo ake m'mawaya omwewo, koma mofooka, moti kuchokera kushedi kwake, kumene kanali, sankafika m'nyumba. Masiku angapo m'mbuyomo adakatsegula, nawotcherera twaketwake kuti kazikuwa mwamphamvu ndiponso pafupipafupi. Mkazi wake Rodica adamva za luso limeneli mpaka makutu kuwawa.

Patapita masiku atatu, chotenthetsera cha m'khola la Anghel chinazima chokha, ndipo tiana tankhumba tisanu ndi tiwiri tinapezeka titauma gwa. Kwa mayi Filofteia wailesi inayamba kuyankhula m'chipinda chokhoma. Kenako mdala Costache, akutsika masitepe a kuchipinda chapansi kukatenga kachasu wa mapulamu, nyale inamuzimira pakati panjira. Anamupeza atathyoka khosi, fungo la kachasu lili guu.

Kumaliro a Costache anthu ankadya tirigu wophika akunong'ona, maso ali kunyumba ya mayi Saveta. Mwamuna wawo Toader anali atamwalira milungu iwiri m'mbuyomo. Pamwambo wakumeneko nyale ya wakufa imayenera kuyaka masiku makumi anayi, ndipo popeza manja a mayiwo ankanjenjemera ndi kandulo, mwana wawo adawaikira yamagetsi pambali pa chithunzi cha malemu. Nyale imeneyo tsopano inkaphethira madzulo alionse, msewu wonse ukuona.

"Toader sanagone," anatero Filofteia.

"Mphaka adalumpha mtembo, ine ndidaona, ndipo wotere amadzuka kudzatenga amoyo," wina anawonjezera.

"Loweruka timufukula," Anghel anamaliza. "Timubaye pamtima, tisanathe tonse."

Lachinayi madzulo Ilarie ali mushedi, diso lake linagwera pa kanyale kofiira ka pa kamita kake. Kanaphethira. Kutsidya kwa msewu, pawindo la Saveta, nyale ya Toader nayo inaphethira. Anawerenga kakhumi, ndipo kakhumi konse zinayendera limodzi. Kukuwa kwa kamita kake kunkadutsa m'mawaya mpaka m'nyumba za anzake, ndipo tizipangizo tawo tinkakumva ngati lamulo. Anazula kamitako, nakakwirira pansi pa mulu wa nkhuni.

Rodica anamuona akubwera, nkhope ili mbuu.

"Ndi chinthu chanu chija, eti?"

"Khala chete, mkazi iwe."

"Pitani mukawauze."

"Ndikanene kuti ndine ndapha Costache? Munthu amene anandigwirira nkhata yamaluwa monga mboni paukwati wathu?"

Lachisanu anavala chipewa, nayenda mpaka pageti la Anghel. Anaima pamenepo mpaka mapazi kuchita dzanzi, kenako anafunsa za mtengo wa chakudya cha nkhumba. Tsiku limenelo palibe nyale inaphethira m'mudzi monse, ndipo Ilarie anayembekeza kuti nkhani izilala yokha.

"Toader wamva kuti tikubwera, ndiye wabisala," anatero Anghel.

Loweruka m'mawa amuna asanu anakwera kumanda wansembe atapita kumudzi wina. Nthaka inali itauma ndi chisanu, ndipo nkhalambazo zinatopa msanga. Saveta anagwira mpanda akukuwa dzina la mwamuna wake, akazi awiri atamugwira m'chiuno.

"A injiniya, mikono muli nayo inu," Anghel anatero, akumupatsa fosholo.

Ilarie anailandira. Inali fosholo yake imene inagunda thabwa la bokosi. Zimene anzakewo anachita pamtembowo pambuyo pake ndi chikhomo chachitsulo sanazione, poti anayang'ana kumbali, koma phokoso lake analimva bwinobwino.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi unakhala bata. Mawindo anamvera eni ake, nkhumba zinafunda. Anthu anamugulira Anghel mowa, ndipo poona Saveta pachitsime ankalavula malovu pambali. Ilarie analeka kupita kushedi. Manyazi anamudya mpaka lamba kumukulira.

Tsiku la makumi anayi chimwalirire Toader, masana, kunamveka kugogoda. Anali Saveta, atanyamula nyale ija m'nsalu yakuda.

"A Ilarie, inu mumadziwa zamagetsi. Tandionereni iyi."

Ilarie anailumikiza kukhoma, ndipo inayaka bwinobwino.

"Ilibe vuto, mayi."

"Ndikudziwa kuti ikuyaka. Koma siikuphethiranso." Saveta anapukuta mphuno ndi nsonga ya mpango. "Ine sindinkaopa ayi. Madzulo alionse ankandipatsa moni, ine n'kumuuza za tsikulo. Toader sakanamupha Costache, ankakondana. Koma kwa ine ankabwera ndithu. Anali iye, si choncho?"

Rodica anaima pakhomo la khitchini, maso ali pa mwamuna wake, akudikira. Ilarie anatsegula pakamwa, nayang'ana mulu wa nkhuni pawindo.

"Anali iye, mayi," anatero.

Saveta anagwedeza mutu, nakulunga nyale yake.

"Zikomo. Mwa onse amene anakumba aja, inu nokha ndinakuonani mukulira."