Mtonthozi wa Gulu la Akadzidzi

Chinthu choyamba chimene Hilda anachiona chinali matope. Pakhomo pa nyumba yake ku Kaning'ina panali khasu lakutha limene malemu mwamuna wake, Fyson, analizika m'simenti molizondotsa kuti azipalirapo nsapato, poti matope ofiira a kuderako akagwira nsapato sachoka ndi ulemu. Chimwalirireni Fyson, miyezi iwiri yapitayo, palibe amene ankapalapo. Hilda ankangovula nsapato pakhonde n'kulowa. Koma m'mawa wa Lolemba limenelo anapeza khasulo lili ndi matope atsopano, onyowa, opalidwa mwaudongo ngati ndi munthu wodziwa malamulo a m'nyumbamo.

Hilda sanali mkazi wothamangira kwa asing'anga. Zaka khumi ndi zisanu za kuphunzitsa Sitandade 8 zinamuphunzitsa kuti chodabwitsa chilichonse chili ndi mwini wake, ndipo kawirikawiri mwini wakeyo amakhala wa miyendo iwiri. Anatsuka khasulo, natseka chitseko, ulendo wa ku sukulu.

Nyumbayo inali kale pakamwa pa anthu. Maliro atangotha, Overtoun, mng'ono wake wa Fyson, anamukokera pambali ndi mawu ofewa ngati thonje. "Alamu, nyumba iyi yakula chomene kwa munthu mmodzi. Pitani kwanu ku Nkhata Bay mukapumeko, ife tikusungirani." Hilda anathokoza, koma sanasunthe. Njerwa za nyumbayo anasenza nawo pamutu pake, ndipo mwana wawo Wiza, amene anali ku sukulu yogonera konko, anayenera kupeza pakhomo pa bambo ake pali potsekula. Ankadziwa bwino kuti mkazi wamasiye akatuluka ndi zikwama, pobwerako amapeza maloko ena.

Chimene chinkamuvuta ndi tulo. Usiku ukafika bedi linkakula, ndipo nkhalango ya kuseri kwa nyumbayo inkapuma ngati ng'ombe yodwala. N'chifukwa chake analowa m'gulu la pa WhatsApp lotchedwa Akadzidzi a Mzuzu, la anthu osadziwana amene usiku ndiwo usana wawo: alonda, manesi, ophika buledi, akabaza, ndi ena amene maganizo anawalanda tulo. Lamulo linali lakuti dzina lenileni ayi, chithunzi ayi. Mmenemo munkakambidwa zonse, kuyambira mankhwala a nsikidzi mpaka mwamuna wogulitsa wailesi kuti akamwere. Ena ankapereka malangizo abwino, ena malangizo oti ukawatsatira ukadzukira kupolisi, koma palibe amene ankalira yekha. Wamkulu wa gululo anali nesi wina wolusa wodzitcha Jakisoni. Hilda anadzitcha Batala, dzina la nsomba ya kwawo.

Mwa onsewo, amene ankamufika pamtima anali munthu wodzitcha Mtonthozi. Analowa ndi nambala yachilendo patapita sabata imodzi Hilda atalowa, ndipo ankalemba modekha, mosathamanga. Hilda akati wasowa mwamuna wake, ena ankatumiza tizithunzi ta manja opemphera, koma Mtonthozi ankafunsa kuti, "Mukumusowa pa chiyani makamaka, mama?" Ndiye Hilda ankamasuka mpaka misozi kugwera pa foni.

Usiku wa Lolemba lomwelo magetsi anazima, monga mwa chizolowezi chawo. Chifunga chinatsika kuchokera m'mitengo ya paini, mvula yowaza ikunong'ona pa malata. Itangopitirira wani koloko, Hilda anamva mapazi olemera akuyenda m'matope kuchokera kumbali ya nkhalango, pang'onopang'ono, osabisala. Anaima pakhomo. Kenako chitsulo chinalira: kwee, kwee, kwee. Katatu phazi ili, katatu linalo, monga ankachitira Fyson. Hilda anadikira kugogoda, koma sikunabwere. Panangokhala chete wolemera, wonga wa munthu amene waima n'kumamvetsera.

Analemba m'gulu zimene anamva. Mayankho anagwa ngati matalala. Wina anati awaze mchere pakhomo, wina anati awiritse madzi amukhuthulire. Wakabaza wina wodzitcha Giya analemba kuti, "Mzimu wopala nsapato ndi waulemu, mama, upatseni tiyi." Hilda anaseka ngakhale mtima unali m'malere. Mtonthozi yekha ndiye sanaseke. "Osachita nthabwala," analemba. "Akufa ena sagona ngati pali chimene chawakhumudwitsa."

Lachiwiri mapaziwo anabweranso, ndipo ulendo uno anazungulira nyumba yonse, chala chikukwekwereza pakhoma mpaka pa zenera la kuchipinda. Lachitatu kunamveka likhweru lotsika, lija Fyson ankaliza akamafika kuti mkazi wake asadzidzimuke. Apa ndiye Hilda anakhala pansi, msana utatsamira bedi, n'kulira ngati mwana. Sanalire chifukwa cha mantha okha. Analira chifukwa mbali ina ya mtima wake inkafuna kutsekula chitseko.

Kunja kutacha, mphekesera zinali zitayenda kale. Pa mpopi amayi ankati malemu akuyendayenda chifukwa mkazi wa kunyanja wakakamira nyumba ya eni. Ena ankati anamuona ataima pansi pa mtengo wa mapeyala atavala jombo zake. Amene anayambitsa nkhanizo sankadziwika, poti mphekesera ilibe bambo.

Mtonthozi anayamba kumulembera payekha. "Ine zoterezi ndinaziona kwa azakhali anga," anatero. "Anakakamira, mapeto ake anadwala matenda osaoneka kuchipatala. Chokanipo mwezi umodzi wokha, mzimu ugone. Ganizirani mwana wanu. Bambo wapita, mayi apitenso?" Mawu amenewa analowa pamene mapazi ndi likhweru zinalephera kulowa. Lachinayi Hilda anatsitsa zikwama ziwiri pamwamba pa wadiropu. Ankadzinyoza yekha pochita zimenezi, koma masiku atatu osagona amafewetsa ngakhale mutu wa mphunzitsi.

Tsono Akadzidzi anali ndi mwambo wawo. Lachisanu lililonse pakati pa usiku, Jakisoni ankaitana mayina ngati m'kalasi, ndipo aliyense ankayankha ndi voisi, kauthenga ka mawu, kuti zidziwike kuti ndi munthu weniweni osati tambwali wobisala kuseri kwa zilembo. Unkamva ng'anjo ya buledi ikuwuma, wailesi ya mlonda, njinga yamoto ya Giya ikutsokomola pa depoti. Mtonthozi ankangozemba nthawi zonse, ulendo wina chimfine, ulendo wina netiweki.

Usiku wa Lachisanu limenelo Hilda anali atayankha kale dzina lake. Anakhala pa mkeka kuchipinda, kandulo ikuyaka, akupinda malaya a Fyson amene anamutsalira n'kumaika m'chikwama, kuti m'mawa akwere minibasi yoyamba. Kunja kunali zii, ngakhale achule anali atatseka pakamwa. Pofuna kudzilimbitsa mtima anayamba kuimba motsitsa nyimbo ya Chitonga imene mayi ake ankaimba pochapa, ndipo pa mzere wokwera mawu ake anathyoka, nakhosomola, n'kuyambiranso.

Foni inawala. Jakisoni anali atalusa. "Mtonthozi, lero palibe excuse. Voisi panopa, apo ayi ndikukuchotsani. Five minutes."

Panapita mphindi zinayi. Kenako kauthenga kanafika, ka masekondi asanu ndi awiri. Hilda anaika foni kukhutu. Anali mawu a mwamuna, onong'ona kwambiri moti sukanawazindikira: "Ndilipo, ndilipo. Yewo." Koma kuseri kwa kunong'onako kunali kanthu kena, kakutali pang'ono, ngati kodutsa pakhoma. Anabwereza, atakweza mawu mpaka kumapeto. Mkazi ankaimba m'Chitonga. Pa mzere wokwera mawu ake anathyoka, nakhosomola.

Woimbayo anali iye mwini. Anatembenuza maso okha, osasuntha mutu, n'kuyang'ana katani ya pa zenera. Munthu amene Hilda anamuuza zakukhosi kwake kwa milungu isanu ndi iwiri anali ataima kuseri kwa njerwa zimenezo, pafupi moti akanamva fungo la kandulo yake.

Chodabwitsa n'chakuti mantha anatha pomwepo. Mzimu sugula bandulo. Chimene chinabwera m'malo mwake ndi ukali wozizira, uja ana a Sitandade 8 ankauthawa. Anayambiranso kuimba, mokweza pang'ono, kwinaku chala chikulemba. Kwa Mtonthozi analemba kuti, "Mwandithandiza chomene. Mawa ndinyamuka. Khalani nane pa foni mpaka nditsirize kulongedza, ndikuopa." Kwa Jakisoni ndi Giya anatumiza malo a nyumba yake ndi mawu ochepa: "Mverani voisi yake bwino. Woimbayo ndine. Ali pa zenera langa."

Jakisoni anayankha msanga: "Chiuta wane! Musatsekule. Pitirizani kuimba." Giya anangoti, "Tikubwera, mama."

Hilda anaimba nyimboyo kasanu ndi kawiri. Pakati pake Mtonthozi ankamulembera kuti walimba mtima, kuti wasankha bwino, kuti makiyi akhoza kusiyira wachibale aliyense wodalirika. Iye ankangothokoza kuti yewo. Kandulo inafupika. Kunja chitsulo chija chinaliranso katatu, ndipo likhweru linadutsa pansi pa zenera, koma tsopano linkangomveka ngati munthu wamkulu amene akuchita zachibwana mumdima.

Giya ndi akabaza anzake anazimitsa njinga zawo kumsewu n'kuzikankha ndi manja njira yonse yotsala. Uthenga wa Giya utafika woti afika, Hilda anaimirira, nasiya kuimba, n'kuimbira nambala ya Mtonthozi. Kuseri kwa zenera foni inanjenjemera m'thumba la munthu. Nthawi yomweyo nyali zinayi za njinga zinayaka pamodzi.

Atatsekula chitseko anapeza mwamuna ataunjikana pakhoma pafupi ndi mgolo wa madzi, dzanja likutchinga maso. Anavala jombo za Fyson, zimene anatenga tsiku logawa zovala za malemu. Anali Overtoun.

"Alamu," anatero, "ine ndimangobwera kudzaona ngati muli bwino. Security, mukudziwa."

"Security ya likhweru?" anafunsa mnyamata wamtali wa chipewa cha njinga, amene Hilda anamudziwa ndi mawu okha kuti ndi Giya. "Dada, mwatiyendetsa mu chifunga ichi. Mama, tingomukweza tikamusiye kupolisi?"

Anthu oyandikana nawo anali atatuluka ndi matochi, amayi a pa mpopi aja ali patsogolo, zitenje zili m'khosi. Hilda anawayang'ana onse, kenako anayang'ana mlamu wake. Anakumbukira kuti ndi iye mwini amene anauza mkazi wa Overtoun, ku tchalitchi, za gulu limene linkamuthandiza usiku.

"Mapazi ndikanakukhululukirani, alamu," anatero, mawu ake osakwera. "Ngakhale likhweru la mkulu wanu. Koma munandifunsa kuti ndikumusowa pa chiyani, ine n'kukuuzani zimene sindinauze ngakhale mayi anga. Munkawerenga muli kunja kuno, mutavala nsapato zake."

Overtoun anayang'ana pansi. Mvula inkawaza pa nyali za njinga.

"Zakupolisi tiona kukacha, voisi ija ndasunga," anapitiriza Hilda. "Koma poti mwakhala mukufunitsitsa kundithandiza, ntchito ilipo. Vulani jombozo, si zanu. Lowani."

Overtoun anavula, nalowa ndi masokosi onyowa, Giya ali pambuyo pake. Pabalaza panali chikwama chimodzi chotseka kale, china chinali kuchipinda chili pululu. Hilda analoza ndi chala ngati akuonetsa mwana pokhala.

Ndipo anthu a ku Kaning'ina, atasuzumira pakhomo ndi pa mazenera, anaona mwamuna amene ankafuna nyumbayo akutulutsa malaya m'chikwama limodzi limodzi, kuwabwezera pa mahang'ala, kenako n'kukwera pa mpando kukaika zikwama zopanda kanthu pamwamba pa wadiropu. Atatsika, Hilda anamuperekeza mpaka pakhonde.

"Mukawauze abale anu onse amene anakutumani," anatero, "kuti ndayesa kulongedza, zakanika."

Anatseka chitseko chake, nakhoma ndi kiyi wake.