Anjelina Amanga Dzanja Lake

Anjelina anali mtsikana wa ku Golomoti. Anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Mumtima mwake munali chinthu chimodzi chokha. Ankafuna kuphunzira nkhonya.

Azakhali ake, a Tawina, anali katswiri wa nkhonya. Anabwera kuchokera ku Lilongwe kudzacheza. Anadzaza thumba ndi mankhusu a mpunga. Analipachika mumtengo wa mango. M'mawa uliwonse ankamanga manja awo ndi nsalu. Ankavala magolovesi ofiira. Kenako ankamenya thumba lija.

Phu! Phu! Phu!

Thumba linkavina. Nkhuku zinkathawa. Anjelina ankangoti kukamwa yasa!

Tsiku lina Anjelina anapita kwa bambo ake, a Gidiyoni. Iwo ankamanga matumba a mpunga panjinga. Ankamanga ndi mphira zakuda za chubu chakale.

"Bambo, nanenso ndikufuna kumenya thumba," anatero Anjelina.

"Manja akowo ndi olembera kusukulu," anatero bambo ake. "Likathyoka dzanjalo, ulemba ndi chiyani? Ndi phazi?"

"Silithyoka, bambo!"

"Chabwino, yesa. Koma ukavulaza chala chimodzi chokha, za nkhonya uiwale."

Atatero anakwera njinga. Anapita kumsika.

Anjelina sanafune kuvulaza chala. Anaganiza. Anaganizanso. Azakhali amamanga manja awo. Basi, nayenso amange lake! Koma azakhali anali atapita kothamanga. Chikwama chawo chinali chotseka.

Anjelina anaona mphira imodzi pakhonde. Mphira ya bambo ndi yolimba. Ikamanga thumba, thumba siligwa. Njinga imafika mpaka ku Mtakataka, katundu ali nga! Anjelina anasekerera. Anadziona ngati wanzeru kuposa ana onse a ku Golomoti.

Anazunguliza mphira padzanja lamanja. Anakoka. Anazungulizanso. Anakokanso. Anamanga mfundo ndi mano.

Anamenya thumba kamodzi. Thumba silinavine.

Posakhalitsa zala zinayamba kuzizira. Zinachita dzanzi. Zinatupa ngati timbatata. Anjelina anayesa kumasula mfundo. Mfundo inakana. Anayesa ndi mano. Mfundo inakanabe.

Anjelina anachita mantha kwambiri. Bambo abwera. Aona zala. Nkhonya zithera pomwepa! Misozi inayamba kutsika.

"Iwe Anjelina, ukulira chiyani?"

Anali azakhali. Anaona dzanja lija. Sanafunsenso zambiri. Anamasula mphira msangamsanga. Anasisita dzanja pang'onopang'ono. Anjelina anamva ngati nyerere zikuyenda m'zala. Kenako zala zinafundanso.

"Mwana iwe!" anatero azakhali akuseka. "Dzanja si thumba la mpunga. M'dzanja mumayenda magazi. Ukalimanga kwambiri, magazi sadutsa."

Azakhali anagwira dzanja la Anjelina. "Dina apa. Ukumva chiyani?"

"Kafupa."

"Nanga apa?"

"Kafupa kena!"

"M'dzanja lakoli muli mafupa makumi awiri ndi asanu ndi awiri."

Anjelina anatong'ola maso. "M'kadzanja kangaka?"

"Ee, m'kadzanja kameneka. Ndi timafupa ting'onoting'ono. N'chifukwa chake timatisamala."

Anjelina anayang'ana dzanja lake. Analitembenuza. Analiyang'ananso. Anali asanaganizepo kuti ndi chinthu chodabwitsa chonchi.

Azakhali anatsegula chikwama. Anatulutsa bandeji yoyera yokulungidwa. "Gwira uku," anatero. Iwo anayamba kubwerera m'mbuyo. Bandeji inatambasuka. Inatambasuka. Inatambasukabe. Inachoka pamtengo wa mango mpaka pakhonde!

"Yonseyi ya dzanja limodzi?" anafunsa Anjelina.

"Ya dzanja limodzi. Tambasula zala."

Azakhali anakola bandeji pachala chachikulu. Anazunguliza pomwe anthu amavala wotchi. "Apa tikumanga kuti dzanja lisapindike," anatero. Anazunguliza pamfundo za zala. "Apa tikumanga kuti khungu lisasupuke." Anadutsitsa bandeji pakati pa chala ndi chala. Sanakoke kwambiri.

"Funyata. Likupweteka?"

"Ayi, azakhali."

"Tambasula. Likuchita dzanzi?"

"Ayi! Likumveka lamphamvu!"

Nthawi yomweyo belu la njinga linalira. Bambo anali atabwera. Anaona mphira pansi. Anaona misozi youma m'masaya. Nkhope yawo inasintha.

Anjelina sananame. "Bambo, ndinamanga dzanja ndi mphira yanu. Zala zinatupa. Pepani."

"Masulani ndione, achemwali," anatero bambo.

Azakhali anamasula bandeji. Bambo anagwada. Anagwira chala choyamba. "Pinda." Chinapinda. Anagwira chachiwiri. "Pinda." Chinapinda. Anatero mpaka chala chachisanu. Zonse zinapinda bwinobwino.

Bambo anaimirira. Anjelina anadikira. Azakhali nawonso anadikira.

Bambo anatola bandeji ija. Anaisisita ndi zala. "Achemwali, inu mupita Lamlungu," anatero. "Mukapita, mwanayu azimumanga ndani? Tandiphunzitsani."

Anjelina analumpha. Chimwemwe chinamusefukira.

Azakhali anamanganso dzanja lamanja. Bambo anatenga bandeji ina. Anayamba kumanga lamanzere. Manja awo anali aakulu, ozolowera kukoka. Anakoka kwambiri.

"Pang'onopang'ono, bambo," anatero Anjelina. "Muli timafupa umo."

"Pepa, mwana wanga," anatero bambo.

Anamasula. Anayambiranso. Ulendo uno anamanga mofatsa, lilime lili kunja ngati mwana wa sitandade wani. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti.

Kenako anamuveka magolovesi ofiira aja. Anali aakulu ngati mapapaya. M'kati mwake munali mofewa.

Bambo anagwira thumba kumbuyo. "Menya tione!"

Anjelina anamenya ndi dzanja lamanja. Silinapweteke. Anamenya ndi lamanzere, lomangidwa ndi bambo. Nalonso silinapweteke!

Bambo anasuzumira kuseri kwa thumba. Maso awo ankawala.

"Mawa udzuke m'mamawa," anatero. "Ndikumange usanapite kusukulu."